Dzanja Lopsa la Amalume a Lusiyano

Amalume a Lusiyano anamwalira mu Junyu, mwezi umene kwathu kuno ku Ntengo-Wambalame chisanu chimalowa mpaka m'mano. Pamaliro panasonkhedwa moto wambiri: wa azibambo kuseri kwa khola, wa amayi ophika, wa anyamata amene anabwera kokumba manda zala zitauma gwa. Bambo wina atatambasula miyendo anati, “Lero tiothe mwaufulu, a Bombero agona.” Tinaseka pang'ono, kuseka kwa pamaliro. Koma ndinamuona mwini mawuwo akukankha chikuni ndi chidendene kuti chibwerere pakati.

Dzina la Bombero, la anthu ozimitsa moto a m'tauni aja, anawapatsa ndi anyamata oyendetsa mota, njinga zamoto zija. Poyamba linali lachipongwe. M'kupita kwa zaka linangosanduka dzina, moti ngakhale a katekista analitchula popempherera mtembo, kenako n'kutsokomola, n'kunena la ubatizo.

Tsiku limenelo maso a anthu ambiri sanali pabokosi. Anali pa Jasinta, mwana wawo wamkazi, msuweni wanga, amene anakhala pakhonde atadzifunditsa nsalu ya kapulana mpaka kumutu. Jasinta ali ndi matenda akugwa, khunyu. Ndi mayi wamkulu tsopano, imvi zayamba kuoneka, koma sanakwatiwepo, ndipo chimwalirire amayi ake ankakhala awiriwiri ndi bambo ake. Tonse tinkalidziwa funso limene amalume anakalamba nalo, chifukwa ankalifunsa poyera, kumsika, kutchalitchi, ngakhale kwa mlendo wongofunsa njira: ine ndikadzapita, Jasinta akadzagwera pamoto adzamuchotse ndani?

Amalume anali munthu wamtali, wowerama pang'ono, wosasiyana ndi ndodo yake yaubusa ngakhale pamene ng'ombe zinatsala zochepa. Makolo awo anali Angoni aja anabwera ndi ziweto kalekale, ndipo amalume chilichonse ankachiyerekeza ndi khola. Moto ankati uli ngati nkhunzi: umaiweta, umaipatsa dzina, imadya m'manja mwako, koma tsiku limene udzaipatse msana poganiza kuti yakuzolowera ndi limene idzakunyamule. Dzanja lawo lamanzere linali lopsa. Zala zinamatana, khungu lili see ngati mbatatesi yosenda. Sankalibisa. Popereka moni ankalitsogoza dala, kuti munthu afunse.

Dzuwa likapendeka, ng'ombe zitalowa, ankayendera mudzi. Mwamuna wachingoni kulowa m'kozinya, nyumba yophikira ya mkazi wa mwini, si zinthu zomveka, koma iwo “odi” ankamunena ali kale m'kati. Akapeza chogwirira cha poto chaloza kumene kukukwawa mwana, ankangochitembenuza, n'kufunsa za nyemba ngati kuti n'zimene abwerera. Phulusa lamoto lotayidwa panjira ankalithira madzi, kenako n'kupita kwa mwini wake kukafunsa mwaulemu ngati ana a m'mudzi muno ayamba kuvala nsapato.

Chimene chinkawapweteka kwambiri ndi kupala moto. Kwathu machesi akatha timatuma mwana kwa anansi, ndipo mwana amabwera akuthamanga ndi udzu woyaka, malawi akuuluka pakati pa nkhokwe ndi madenga a udzu. Amalume akakumana naye sankamukalipira. Ankazimitsa udzuwo ndi phazi, n'kutola makala pa phale, n'kukawapereka okha kwa amake a mwanayo, atagwada pang'ono ngati mtengwa. Mayi amene anapalidwirapo moto ndi nkhalamba yaimvi sankabwerezanso.

Anyamata a mota anayambana nawo chifukwa cha mabotolo a gazolina, petulo uja, amene ankasunga pansi pa bedi, pafupi ndi kandulo ndi ukonde wa udzudzu. Amalume anakana kulowa m'nyumba zawo, ngakhale mvula ikugwa. Ankakhala panja, madzi akutsika m'chipewa, n'kumati m'katimo alowamo mabotolo akatuluka. Za mbaula yolowetsa m'chipinda chotseka nthawi yachisanu ankati tulo take n'tokoma kwambiri chifukwa sitikhala ndi m'mawa.

Ine ndine mwana wa mlongo wawo. Sukulu ndinalekeza pa terceira classe, kalasi yachitatu, koma ndimawerenga chilichonse chogwa m'manja mwanga, ngakhale thumba la feteleza, ndipo amalume ankanditcha a Pulofesoro. Tsiku lina ndinawabweretsera kapepala ka Chipwitikizi konena za ngozi za moto, kamene kanakulungidwira usipa. Ndinawamasulira ndikutukula mapewa. Kankanena za mbaula za gasi, za mawaya a magetsi, za kusathamanga pamasitepe. Anamvetsera mpaka pamene panati popsa pathiridwe madzi ozizira kwa nthawi yaitali.

“Bwerezani pamenepo, mphwanga.”

Ndinabwereza.

“Zalembedwa choncho? Osati mukundikondweretsa?”

“Zalembedwa, amalume.”

“Zamasitepe zisiyeni kaye, tidzawerenga tikadzamanga.”

Kuyambira tsikulo, aliyense wotsutsana nawo ankamutumiza kwa ine. Ndinasanduka mboni ya mudzi wonse chifukwa cha pepala lonunkha usipa.

Amene sankatumizika anali a Nankhoma, mkazi wa malemu mkulu wawo, amene nyumba yawo imayang'anana ndi ya amalume. Ndi mayi wamfupi, wa mawu ofika kudimba, katswiri wa thobwa. Awiriwa anakangana moyo wawo wonse waukalamba, ndipo tsiku likapita osamva mawu awo tinkafunsana kuti wadwala ndani.

“Alamu, mwana uyo ali pafupi ndi mafuwa.”

“Ndamuona. Ndalera ana musanamere ndevu inu.”

“Ndevu zanga sizinapsepo.”

“Nanga dzanjalo linadyedwa ndi mbewa? Tulukani m'kozinya mwanga, kapena tengani mthiko muvundule, tidziwe kuti takwatiwa awiri.”

Amalume ankatuluka, koma mwana atamunyamula kale.

Pansi pa mkangano wonsewo panali tsiku limodzi. Ine sindinalipo, ndinali kumsika ndi mbatatesi. Ndinamva kwa amayi anga, amene anali pomwepo ndipo sankakonda kuzifotokoza.

Tinali titangobwerera kumene kuchokera ku Malawi, kumene tinathawira nkhondo, ndipo mudzi unkakonza chiyamiko cha zokolola zoyamba. M'mawa amayi a m'mudzi ankaphika thobwa m'migolo pabwalo la a Nankhoma. Jasinta anali atangotha msinkhu. Anamutuma kusonkhezera moto. Atawerama anakuwa kamodzi, thupi linauma, n'kugwera phewa m'makala. Kapulana yake inagwira moto.

Amayi onse anabwerera m'mbuyo. Sikuti anali anthu oipa. Tinakula tikuuzidwa kuti wakhunyu akagwa sakhudzidwa, kuti ukamugwira, kapena ukapuma mpweya umene watulutsa ali chigwere, matendawo amakulowa iwe ndi ana ako. Ena anatseka mphuno ndi nsalu. Ena anakokera ana awo kutali. Amayi ake a Jasinta anali kuchitsime. A Nankhoma ankakuwa kuti wina abweretse nsungwi yaitali yomukankhira, ndipo nsungwi inali kusoweka.

Amalume anamva ali m'khola. Amayi anga ankati sanawaonepo akuthamanga, lisanafike tsikulo kapena litapita. Anadutsa pakati pa gululo ngati palibe munthu, n'kulowetsa dzanja pansi pa mwana wawo, m'makala momwemo. Anamukokera panja, n'kumugubuduza pansi, ndipo pamene nsalu inkayakabe ankazimitsa ndi chikhatho.

Pamenepo mpamene anthu anasendera, aliyense ndi mankhwala ake. Wina anabwera ndi dzira, wina mafuta ophikira, wina ndowe yaiwisi ya m'khola la amalume lomwelo. Jasinta atasiya kuphiriphitha amalume anamunyamula mpaka kukamtsinje kotsikira kumadimba, n'kumamuthira madzi paphewa, kuthira, kuthira, mpaka amayi ake atafika anayamba kulira kuti mwana apulumuka moto n'kufa ndi chisanu. Zamadzizi anaziona kothawa nkhondo kuja, kwa namwino wina amene anasamalira mwana wogwera m'phala. Koma dzanja lawo analiiwala. Analikulunga chisanza n'kukamangira nalo ng'ombe pangolo, kupita kuchipatala.

Jasinta anachira. Chipsera chilipo, chachikulu, koma mkono umagwira ntchito, amalima, amasenza. Zala za amalume zinamatana. Ndipo iwo, m'malo modandaula, anapezerapo umboni. Ankati phewa la Jasinta linamwa madzi, dzanja ili silinamwe, ndiye munthu aziona yekha.

Atabwerako kuchipatala anachotsa mafuwa m'kozinya mwawo. Anaumba chitofu cha njerwa ndi dothi, chofika m'chiuno, poto akulowa m'dzenje kuti asagubuduzike, khomo la nkhuni lili cham'mbali. Achibale ena ankati Jasinta angoletsedwa kuphika. Amalume anakana. Ankati mkazi woletsedwa moto wake anthu amayamba kumuyankhula ngati mwana, ndipo iwo sanamuchotse m'makala kuti akhale mwana mpaka imvi. Jasinta ankaphika, koma pakhale munthu pafupi, ndipo munthuyo nthawi zambiri anali iwo, akupota chingwe pakhomo. Makomprimido ake, mapiritsi a khunyu, ankakamutengera okha kuchipatala, wapansi, ndipo anamuthandizadi: kugwa kunachepa, ngakhale sikunatheretu.

Chinatsala ndi mantha a anthu. Amalume ankadya mbale imodzi ndi Jasinta pagulu, kumwa chikho chimodzi, n'kumafunsa kuti, “Ine ndagwa liti?” Anthu ankavomera ndi mutu, koma anaona kuti kuvomera ndi mutu sikukoka munthu pamoto. Ndiye anayamba kugwa dala.

Koyamba kunali pamsonkhano wa mudzi, m'mawa wozizira, anthu atazungulira moto. Anangoti khuu pansi, patali ndithu ndi makala, n'kumaponya miyendo. Bwalo linayera. Iwo anadzuka, n'kusasa fumbi, n'kuyamba kutchula mayina a amene athawa, modekha, ngati akuitana ng'ombe. Kenako anafotokoza: mukokeni kumuchotsa pamoto, mugonekeni cham'mbali, mutetezeni mutu, musamuike supuni m'kamwa, dikirani, amadzuka yekha.

Anabwereza pa ukwati, pa chigayo, pa zokolola. Achinyamata anazolowera mpaka ankalimbirana kuwakoka. Ine tsiku langa litafika ndinafuna kuonetsa kuti ndinawerenga. Ndinawagwira miyendo n'kuwakhwekhwereza mwachangu mpaka pansi pa nkhokwe, kumene kumagona nkhuku.

“Mwakhoza, a Pulofesoro,” anatero ali chigonere. “Koma mutu uwu si dzungu. Pepala lanu silinanene?”

A Nankhoma okha ndi amene sanawakokepo. Tsiku lina amalume atagwa pabwalo lawo, iwo analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi ndowa yodzaza, n'kuwakhuthulira.

“Paja mumati madzi ndiwo mankhwala, alamu.”

Amalume anapita kwawo akunjenjemera, ndipo anthu anati pakati pa awiriwa zatheratu. M'mawa mwake tinawamva akukangana za mbuzi.

Matenda awo omaliza anali chifuwa. Anakana kugona m'nyumba masana. Anayalitsa mphasa pakhomo pa kozinya kuti aziona Jasinta akuphika, ngakhale kuti sakanathanso kudzuka msanga kanthu katachitika. Ndinawapeza pamenepo tsiku lina dzuwa lili pamutu. Jasinta anandiona ndikubwera.

“Ababa, wabwera mwamuna wanga uja. Chimanjamanja, ngati kale.”

“Ndabweretsa nzeru, msuweni.”

“Ikani pamenepo, tidyera ndiwo.”

Amalume anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Atapuma anandifunsa funso lawo lija, maso ali pa msana wa Jasinta. Ndinati tilipo, amalume, musade nkhawa.

“Inu mulipo, inde. Koma inu mukagwira pepala, ng'ombe itha kulowa m'nyumba n'kutuluka ndi mpando.”

Anandiuza kuti ndikayang'ane ngati udzu wozungulira nkhokwe walambulidwa, ndipo ndinapita.

Titamaliza maliro, abale tinakhala pansi m'mawa pansi pa mtengo wa pichesi kuti tikambe za Jasinta. Mchimwene wake Fabiyano amalima fodya ku Chidzolomondo, ku Makanga, kumene anakwatira. Anati mlongo wake amutenga. Tonse tinayang'ana kwa mkazi wake, Selina, chifukwa wokhala naye pamoto ndi iyeyo. Selina anayang'ana pansi.

“Ine sindikukana,” anatero. “Koma ndili ndi ana aang'ono.”

Aliyense anamva chimene akutanthauza. Kumeneko amalume sanagweko dala, ndipo anthu ake akadali ndi mantha aja. Ndinakonza kukhosi kuti ndifotokoze zimene ndinawerenga.

“Khalani chete, a Pulofesoro,” anatero a Nankhoma. Anatembenukira kwa Selina. “Iwe, tandiyang'ana. Mwana uyu ndamugwira ndi manja awa, osati kamodzi. Bambo ake akapita kukatenga mankhwala umati ankatsala ndi ndani? Ndamukoka pachitofu, ndamupukuta thovu, mutu wake wagona pamiyendo pangapa. Zidzukulu zanga zadyera m'manja omwewa.”

Selina anafunsa motsitsa mawu, “Ndiye inu simunagwepo, amayi?”

“Ndinagwapo kamodzi, pa ukwati wa mdzukulu wanga. Koma unali mowa.”

Selina anaseka atatseka pakamwa. Fabiyano anafunsa chifukwa chake zimenezi sitinazimvepo.

“Ndinamuuza Jasinta kuti asawauze. Unkawadziwa bambo ako. Akanayenda mudzi wonse kulengeza kuti apambana.”

Apo Jasinta anachotsa kapulana kumutu.

“Ankadziwa, amayi aakulu. Ndinawauza tsiku loyamba lomwelo.”

“Unawauza?”

“Anati ndisakuuzeni kuti akudziwa. Anati mukadziwa, mudzasiya chifukwa cha makani.”

A Nankhoma anadzuka, n'kupita kuseri kwa nyumba. Tinawamva akumina, kenako akukalipira nkhuku yosalakwa. Atabwerera anati iwo akalamba, maso akuchita khungu, sangamusunge Jasinta mpaka kalekale, ndipo mwina n'chifukwa chake alamu awo sanasiye kufunsa. Koma ku Chidzolomondo apita nawo. Akakhala kumeneko mpaka chitofu chiumbidwe ndi kuuma, mpaka Selina amugwire Jasinta iwo akuona, iye ndi anansi ake omwe.

“Ndipo akathawa,” anatero, “ndigwa ndine.”

Ananyamuka ndi shapa, minibasi yakwathu kuno, a Nankhoma atakhala kutsogolo, akulangiza woyendetsa. Fabiyano anaimba foni posachedwapa ali ku Furancungo kotenga makomprimido. Akuti chitofu chinauma, Jasinta anagwa kamodzi pabwalo, ndipo Selina ndi amene anamugoneka cham'mbali, a Nankhoma ataima pambali manja ali kumbuyo. Akuti a Nankhoma ayambana kale ndi amayi a m'mudzimo chifukwa cholowa m'makozinya mwawo. Za kubwerera sakunena.

Pakhomo pa amalume ndimadutsa ndikamapita kudimba. Ng'ombe anazitenga abale, ndipo m'khola mwamera bonongwe wonenepa amene palibe akumuthyola. Nyumba yaikulu ndi yokhoma. Kozinya ilibe chitseko, ndiye nthawi zina ndimasuzumira. Mwaye wakuda ukadali lende kudenga, fungo la utsi likadali m'makoma, koma likuchepa. M'dzenje la poto nkhuku ina yaikiramo mazira. Ana a anansi amasewera m'menemo masana, amakwera pachitofu, amapisa manja m'khomo la nkhuni, ndipo palibe wowathamangitsa, chifukwa mulibe choti chiwatenthe. M'mudzi monse muno mulibe kozinya ina yopanda ngozi ngati imeneyo. Ndimaima pakhomo pang'ono, chisanu chikutuluka m'katimo kundigunda kumaso, kenako ndimapitiriza ulendo wanga.